Ekwasawu pa Denga la Apongozi

Lolemba

Feliya, tchuthi cha kusikola, yayamba. Ndafika kwa apongozi kuno ku Mualadzi, mota, njinga yanga yamoto, itandigwedeza matumbo njira yonse kuchokera ku Chifunde. Fumbi m'makutu, fumbi m'mano.

Ndilembe bwinobwino chimene ndadzera, kuti ndisasokere. Chaka chachiwiri chino ndili pa banja ndi Rozita, koma iye akukhalabe kwa amayi ake, ine kusikola ku Chifunde komwe ndimaphunzitsa masamu. Mkazi wanga ndimamuona Loweruka ndi Lamlungu basi. Ndatopa nazo. Ndinapempha chitengwa kuti ndimutenge tikakhale limodzi, ndipo yankho ndi ili: atsibweni ake, a Jasinto, abwera Loweruka lino kudzagamula. Koma asanafike, nyumba ya apongozi ikhale itafoleredwa. Akuti akufuna aone ngati manja angawa amadziwa china kupatula jizi wolembera kusikola.

Ndikuti "akuti" chifukwa apongozi sayankhula nane maso ndi maso. Mwambo. Mawu awo amadzera mwa Rozita, anga amabwereranso momwemo. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire, ndipo kawirikawiri ndi ine, chitedze ndi chomwecho.

Zomwe zilipo:
- udzu, mulu waukulu wa mitolo, anamweta Rozita ndi amayi ake
- luzi lokwanira
- makwerero ansungwi, okalamba kuposa ine
- alamu anga a Bento, achimwene ake a Rozita, katswiri wofolera, abwera kuchokera kumudzi kwa akazi awo kudzathandiza. Anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo, n'chifukwa chake amanditcha "a Ticha"
- ine

Chomwe palibe: mtima wokwera pamwamba. Izi ndikulemba muno mokha. Ine kungoima pampando ndimafuna kutsika msanga.

Choncho ntchito ndaigawa chonchi: a Bento pamwamba, ine pansi kuwaponyera mitolo. Koma osati kuponya kwachisawawa. Kuponya kwa munthu wophunzira! Nayi ekwasawu yake, samu yolongosola zonse:

h = -5t² + 8t + 1

h ndi kutalika komwe mtolo wafika, t ndi nthawi. 1 ndi metulu imodzi, pomwe mtolo ukuchokera m'manja mwanga. 8 ndi liwiro loponyera. -5 ndi dziko lapansi likukokera zinthu zake pansi. Manja a a Bento ali pa mametulu anayi. Ndaika h = 4, delita, nambala yosonyeza ngati yankho lilipo, watuluka 4, woyera bwino, mayankho awiri: t = 0,6 ndi t = 1. Ndiye kuti a Bento ali ndi mwayi kawiri, mtolo ukukwera ndiponso ukutsika. Ndipo pa 0,8 mtolo uli pachimake, mametulu 4,2, umaima phee m'malere. Akhoza kungoutola ngati akutola mbale pathandala. Kukoma kwake!

Mwa kuwerenga kwanga timaliza Lachitatu masana. Lachinayi ndipume. Lachisanu ndimete. Loweruka nditenge mkazi.

Ndamuonetsa Rozita pepalali. Waliyang'ana nthawi ndithu, kenako: "Udzuwo mwauuza?"

Madzulo ano tasasula denga lakale lonse. Nyumba yatsala mapaso okhaokha. Apongozi asamukira m'kanyumba kophikira, limodzi ndi nkhuku zawo.

Lachiwiri

Vuto laling'ono. Mkono ulibe manambala. Ndingadziwe bwanji kuti ndaponya ndi liwiro la 8?

Njira ilipo. Mwala ukaponyedwa m'mwamba ndi liwiro la 8, umabwerera m'manja patatha segundu 1,6. Ndiye ndiphunzitse mkono ndi mwala mpaka uzolowere. Rozita wagwira telefoni kuti aziyeza nthawi. A Bento akwera padenga m'mamawa, andidikira ola lathunthu, atsika, apita kukafuna thobwa.

Zotsatira:
1. 1,1. Mkono udakali mtulo.
2. 1,3.
3. Rozita sanadine, amayankha moni wa mayi wina wopita kumjigo.
4. 1,9. Mwala wagwera mu ufa woyanika pamphasa.
5. 1,4. Nkhuku yapulumuka.
6. Rozita sanadine dala.
7. 1,6 ndendende!

Wachisanu ndi chiwiriyu wagwera pa mtsuko wa madzi akumwa. Mtsuko wa apongozi, umene anawaumbira malemu amayi awo. Wagawika patatu. Madzi ayenderera mpaka pamapazi anga.

Kunena zoona ekwasawu sinalakwe. Iyo imanena za kutalika kokha. Za kumene mwala ukagwere sinenapo kanthu, ndipo sinalonjezepo. Ndayesa kufotokozera Rozita zimenezi uku akutola mapale. Sanadzutse mutu.

Apongozi atuluka, aona mapale, alowanso. Patapita kanthawi uthenga wafika kudzera mwa Rozita: "Amayi akuti ndikufunseni, munabwera kudzafolera kapena kudzagenda?"

Ndayankha kuti awauze kuti ndapepesa kwambiri, ndipo lero linali tsiku lokonzekera.

Udzu womwe wakwera padenga: ziro.

Lachitatu

Lero udzu weniweni. A Bento pamwamba, manja tambalale. Ine pansi, mkono wophunzitsidwa.

Mtolo woyamba: wamasuka m'malere, wandigwera m'mutu ngati mvula.
Wachiwiri: wafika pakhonde, wabwerera.
Wachitatu: mphepo yautenga, wapita kukhola la nkhumba.
Wachinayi: ndaponya ndi ukali, phewa lalira.

Mphepo! Chaka ndi chaka ndimaima pamaso pa ophunzira n'kulemba ndi dzanja langali kuti "tisaganizire za mphepo." Buku limatero, inenso ndimatero, ana amakopera. Wolemba buku uja sanaimepo ku Mualadzi mwezi wa Agosito atanyamula udzu wouma. Kuno mphepo ndiyo mwini mudzi.

Ndakhala pachitsa n'kuwerenganso. Mtolo ndi wotambalala, sukuchoka m'manja ndi 8 ayi, mwina 6. Ndaika 6. Delita watuluka -24. Delita akatsika pansi pa ziro ndiye kuti yankho palibe, mtolo sudzafika kwa a Bento ngakhale adikire mpaka Khirisimasi. Masamu avomereza zomwe mudzi wonse waona kale ndi maso.

A Bento kuchokera pamwamba: "A Ticha, umenewu ndiugwire pa 0,6 kapena pa 1?" Nthawi imeneyo mtolo uli pamsana pa nkhumba.

Ayamba kundiuza za kaponyedwe kawo ka masiku onse. Ndawadula mwaulemu. Ngati ndingoponya monga aliyense, zaka zanga zonse za kusikola zioneka pati?

Amayi opita kumjigo lero akudutsa pakhomo pano, ngakhale njira yachidule ili kuseri. Ena adutsa kanayi ndi ndowa yomweyo. Mmodzi wafunsa Rozita mokweza kuti bwanji a pulofesoli osangokwera nayo mitolo pamakwerero. Ndayankha ndekha kuti kutero n'kutaya nthawi.

Mitolo yomwe yakwera: isanu ndi umodzi. Yonse wakwera nayo Rozita pamakwerero pamene ine ndimawerenga delita.

Udzu m'malaya, udzu m'kabudula. Thupi lonse kuyabwa. Paja ndinati lero masana timaliza.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru yatsopano. Ngati mkono sukwanitsa, makina akwanitsa.

Zofunika:
- thabwa lalitali (chitseko cha khola la mbuzi)
- chinthu chobulungira choika pansi pake (mtondo, nditaugoneka)
- munthu wodumphira mbali inayo (ine, kuchokera pachitsa)

Mtolo mbali imodzi, ine kudumphira mbali ina, mtolo m'mwamba. Apongozi ali kudimba, choncho za mtondo sindinafunse aliyense.

Koyamba: mtolo wangogubuduka n'kugwa pambali.

Kachiwiri: eee! Wauluka, wapitirira a Bento, wapitirira nyumba yonse, wakatera kuseri. Palabola wake, uta umene wajambula m'malere, wokongola, wosalala, ngati wojambula ndi dzanja. Ndatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Ndinalakalaka ophunzira anga akanaona. A Bento sanasangalale nawo.

Kachitatu: ndaganiza kuti mtolo ukhale wolemera kuti mphepo isamausewere. Ndabisa mwala pakati pa udzu, uja wa 1,6. Kuwauza a Bento ndaiwala.

Ekwasawu yagwira ntchito. Ndikubwereza, yagwira! Mtolo wafika pa mametulu anayi nthawi yake yeniyeni. A Bento aulandira ndi mphumi. Atsetsereka pamapaso chagada, agwera pa mulu wa udzu, mwayi wake. Mphumi yatupa, dzanja lamanja labinya.

Ndawanyamula pa mota kupita nawo kuchipatala. Tikufika, iwo: "Nkhondo tinaithawa bwinobwino, alamu. Kudzafera masamu kwathu komwe."

Fupa silinathyoke. Koma akuti sabata ziwiri osagwira ntchito.

Pobwerera ndapeza zinthu zitatu. Mbuzi zatuluka m'khola poti chitseko palibe, zadya luzi theka. Mtondo wang'aluka m'mbali. Apongozi akhala pansi pafupi ndi mtondowo, andifulatira, akuusisita.

Uthenga lero palibe. Ndamufunsa Rozita kuti amayi akuti chiyani. Akuti sakunena kanthu. Bola akanandikalipira. Ndikuchita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata ino ndikuopa kuti Loweruka ndibwerera ndekha.

Lachisanu

Mmisiri palibe. Ndazungulira mudzi kupempha amuna andithandize. Onse yankho limodzi: ntchito ya mkamwini salowererapo, atsibweni angamve. Koma kudzaonerera ndiye abwera. Akhala pansi pa mtengo wa mango, asanu ndi awiri, wina wabwera ndi kampando kake.

Ndiye ndikwere ndekha.

Phazi loyamba la makwerero: bwino.
Phazi lachiwiri: bwino pang'ono.
Phazi lachitatu: nsungwi yalira.

Ndili pomwepo mutu wayamba wokha kuwerenga. Munthu akagwa kuchokera pa mametulu anayi, 5t² = 4, amafika pansi segundu isanathe, ndi liwiro loyandikira 9. Sindinafune kudziwa zimenezi. Anthu osaphunzira amakwera mosangalala chifukwa palibe anawauza.

Mwamwayi kufolera kumayambira m'munsi. Ndaima pa phazi lachitatu lomwelo, ndayala mzere woyamba, ndamanga, ndatsika, ndasuntha makwerero, ndakweranso. Rozita akundipatsira udzu ndi kundionetsa kamangidwe ka luzi. Tazungulira nyumba yonse. Mzere wachiwiri ndaufikira chonyanyamphira. Wachitatu manja sakufika.

Pofika madzulo nyumba ili ndi udzu m'mbali monse, pamwamba mbee, ngati mutu wa dazi. Amuna a pansi pa mango apereka ndemanga zawo. Wina akuti likhala denga labwino lolowetsa mpweya. Wina akuti apongozi aziona nyenyezi osatuluka panja. Wa kampando uja walonjeza kuti mawa abweranso.

Tikudya ndamuuza Rozita chinsinsi changa, kuti ndimaopa pamwamba, kuyambira ndili mwana. Zinandivuta kutulutsa. Iye: "Ndinadziwa Lolemba. Mudzi wonse unadziwa Lachitatu."

Sanaseke. Wandipaka mafuta m'manja momwe luzi landicheka, n'kunena kuti mawa ndikamakwera ndiziyang'ana phaso lomwe lili pamphuno panga, osati pansi. Akanaseka zikanandipepukira.

Kumeta sindinamete.

Loweruka

Lero ndilembe zonse.

M'mamawa, oonerera asanadzuke, ndakwera. Maso pa phaso, mapemphero onse omwe ndimadziwa, mpaka ndapezeka ndakhala pamtanda pamwamba penipeni. Ine! Mametulu anayi! Rozita wakwera ndi mitolo itatu, wandisiyira, wati athamangire kuchigayo atsibweni asanafike, abwera msanga.

Atangochoka, kamvuluvulu. Wazungulira pabwalo, wanyamula mankhusu, wakankha makwerero. Agwa, athyoka pakati.

Pakhomo ponse anthu tilipo awiri. Ine kumwamba. Apongozi pansi, akusenda mtedza, andifulatira. Ndi mbuzi imodzi ikudya zotsala za luzi.

Mitolo itatu ija ndamanga, yatha. Ndakhala. Dzuwa lakwera. Kuitana apongozi sindingathe, chiyambire ukwati sindinawayankhulepo liwu ndi limodzi, ndiye ndiyambire padenga, ndikufuula? Ndatsokomola. Iwo akusenda. Ndatsokomolanso. Akusenda. Miyendo yachita dzanzi, thukuta m'maso, ndipo ndivomere, misozi pang'ono.

Potsiriza ndayang'ana mbuzi n'kunena mokweza: "Iwe mbuzi, pakanakhala munthu pafupi, ukanamuuza kuti makwerero agwa."

Kenako apongozi, osatembenuka: "Iwe mbuzi, uwauze apongozi angawo kuti makwerero athyoka, kutsika satsika. Ndiye poti ali kale kumwambako, azifolera."

Aimirira. Akokera chitenje kumutu mpaka pamphumi kuti maso athu asakumane. Atenga mtolo, aumasula, augawa pawiri, aumanganso molimba pawiri, kumtunda ndi kumunsi. Augwira matsinde ali kutsogolo. Augwedeza kawiri, kachitatu auponya.

Wakwera mowongoka, mphepo osaukhudza. Wafika pamanja panga n'kuima phee. Ndangoutola.

Wachiwiri ndawerenga mumtima. 0,8. Wachitatu, 0,8. Mayi woti sanapondepo kusikola, maso ataphimba ndi chitenje, akuponya pachimake penipeni pa palabola wanga. Ndafuna kuuza mbuzi kuti iwauze zimenezi, koma ndaona kuti si nthawi yake.

Ntchito yayenda. Malangizo onse akudzera mwa mbuzi. Uwauze akhwimitse luzi. Uwauze matsinde aloze pansi, akufolera chozondoka. Uwauze asaponde pamenepo. Lomalizali lafika mochedwa, mwendo wanga wabowola denga mpaka m'ntchafu, ndauzula, ndatsekapo ndi udzu wambiri. Nthawi ina mbuzi yatopa nafe, yapita kuseri. Ife tapitiriza kuyankhula ndi malo omwe inaima.

Masana a Jasinto atulukira pa njinga, kumbuyo kwawo a Bento ndi nsalu pamphumi, Rozita ndi ufa pamutu, ndi amuna a pansi pa mango onse. Apeza mlongo wawo, mayi wa imvi, akuponyera mkamwini udzu, onse awiri akuyankhula ndi bwalo lopanda kanthu. A Jasinto atsika panjinga, avula chipewa, aonerera mpaka mtolo womaliza.

Denga latha. Latha ndithu!

Kutsika ndiye nkhani ina. Abwereka makwerero kwa aneba, koma miyendo yanga yakana. A Jasinto, munthu wamkulu, akwera okha n'kumandigwira chidendene, kuchiika pa phazi lililonse, mpaka pansi. Wa kampando uja wawomba m'manja.

Titadya, takhala pamphasa. Apongozi chakutali, ayang'ana kukhoma. A Jasinto ayamba ndi kuthokoza, atchula mtsuko, atchula mtondo, aloza mphumi ya a Bento. Kenako: "Denga taliona, akamwini, ndipo mwayesetsa. Koma sitingadziwe ngati lili bwino mvula isanagwe. Tidikire dzinja. Likapanda kudontha tidzakhalanso pansi."

Ndawomba m'manja mwaulemu, monga ayenera kuchitira mkamwini.

Apongozi anong'oneza Rozita, Rozita wafikitsa: akuti nkhokwe nayonso yapendekeka.

Lamlungu

Zomwe zikupweteka: phewa, msana, ntchafu, zikhatho, khosi. Zomwe sizikupweteka: makutu.

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni mwachimwemwe chachilendo. Ena akufunsa ngati mbuzi yadzuka bwino.

Masana Rozita wandiperekeza mpaka kumsewu, ine ndikukankha mota. Ndayamba kumulimbitsa mtima. Mvula ndi Novembala, miyezi itatu yokha. Pomwe ndinabowola ndi mwendo ndinatsekapo bwino. Nkhokwe ndidzaiwongola feliya ikubwerayi, tsopano pamwamba ndazolowera pang'ono. Iye akungoyenda, maso pansi.

Tafika pamphambano waima. Wati kodi ndikuganizadi kuti nkhani ndi denga. Nkhokwe ikatha kudzabwera khola, khola likatha kudzabwera mpanda. Bambo ake anamwalira. Azikulu ake awiri anatengedwa chitengwa, wina ku Cassacatiza, wina kutali kwambiri, ndipo amabwera pamaliro pokha. A Bento mawa abwerera kwa akazi awo. Watsala ndi iye yekha.

"Inu mukufuna ndibwere, inenso ndikufuna. Koma ndikachoka, amayi aziyankhula ndi mbuzi ija tsiku lililonse."

Sabata yonse ndakhala ndikuyeza kutalika kwa nyumba, osafunsa kuti mugona anthu angati. Zandipweteka, ndipo ndilibe womukwiyira.

Ndafika ku Chifunde dzuwa lisanalowe. Chitseko ndatsegula ndekha, madzi ndatunga ndekha. Mkazi wa mnzanga wa nyumba yoyandikana wasuzumira pampanda, wayang'ana kumbuyo kwa mota, wafunsa kuti mlendo wathu ali kuti. Ndati akubwera.

Ndakhala patebulo. Ndang'amba pepala loyera. Ndikulembera akuluakulu a maphunziro, kupempha kuti chaka chamawa andisamutsire kusikola ya kufupi ndi Mualadzi, ngati malo angapezeke. Zala zili ndi matuza, zilembo zapindika, koma zikuwerengeka.

Mawa ndikapereka. Akavomera, wotengwa ndine.